Akuti tipite ndi ana ku pub: yankho kwa mayi wa ku Leicester

Kalata yanu, achemwali, ndaiwerengera m'basi pochokera ku naiti, ndipo nditafika kunyumba tulo sitinabwerenso. Mukuti agogo achizungu oyandikana nawo nyumba, amene amakulandirirani katundu mukakhala ku ntchito, aitana banja lanu lonse ku nkhomaliro ya Lamlungu ku pub yakalekale ya m'dera lanulo, pokondwerera tsiku lawo lobadwa. Bambo a kunyumba, poti ndi mkulu wa mpingo, akuti ana awo saponda pamalo a mowa. Inu mwasowa kolowera.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo bambowo, chifukwa chimene akuopacho ine ndinakulira m'kati mwake. Kwathu ku Ndirande, mwezi ukatha, mayi ankandituma ku botolo sitolo kukaitana bambo. Ankatuma ine dala, osati achimwene, poti munthu ngakhale aledzere amachitabe manyazi ndi mwana wake wamkazi. Ndinkaima pakhomo, osalowa. Gumbagumba ili pamwamba, utsi wa kanyenya ukulowa m'maso, mabotolo a Carlsberg ali mbwee patebulo, wina akutaya madzi kuseri kwa khoma dzuwa likuswa mtengo. Azibambo omwe Lamlungu ankatipatsa moni mwaulemu ankandiyang'ana mwamtundu wina. Kunena zoona mayi ankadziwa kuti bambo sangadzuke pamenepo. Chomwe ankanditumira chinali kukapulumutsako ya ufa isanathe. Tsiku lina ankandipatsa, tsiku lina ankangondigulira Fanta n'kuti ndikawauze mayi kuti akubwera. Mzimayi aliyense wopezeka m'katimo anali ndi dzina lake, limene sindingalembe pano. Tsono munthu woleredwa choncho mukamuuza kuti tiyeni ndi ana kumowa, mukufuna ayankhe kuti chiyani?

Inenso ndinakhala zaka kuno ku Nottingham ndikungodutsa pakhomo pa ma pub, maso kumbali. Chinandilowetsa ndi maliro. Agogo ena aamuna amene ndinkawasamalira atamwalira, ana awo anandiitana kumwambo, ndipo titatuluka m'tchalitchi anati tonse tikakumane ku pub ya pakona. Ndinaganiza kuti Chingerezi chandiphonya. Koma ndinatsatira, ndipo zimene ndinapeza ndi izi: abusa omwe analalika aja atakhala pafupi ndi moto ndi kapu ya tiyi, masangweji patebulo lalitali, zidzukulu zikujambula ndi makrayoni, galu atagona kunsi kwa mpando wa mwana wa malemu. Denga lotsika moti wamtali amawerama, mitanda yake yakuda bii ndi ukalamba. Pakhoma panali chithunzi cha malemuwo ali mnyamata, tsitsi lonse lilipo, ataima ndi anzawo a timu ya darts. Mayi wogulitsa ankadziwa mpando umene ankakhala, ndipo tsiku limenelo palibe anakhalapo. Ine amene ndinkawasambitsa agogowo m'mawa uliwonse ndinali ndisanaonepo kumene moyo wawo unachitikira.

Pub ya m'dera ili ngati pansi pa kachere pamudzi: ndi pomwe anthu amakumana popanda wina kukhala mlendo wa mnzake. Nyumba za kuno n'zazing'ono, kunja kumazizira miyezi yambiri, ndipo Mngerezi sangofika pakhomo n'kuti odi. Mutha kukhala naye moyandikana zaka khumi osaona pabalaza pake. Ndiye agogo anuwo pokuitanani kumeneko, pa tsiku lawo lobadwa, pamaso pa ana awo ndi anzawo akale, akuwerengani ngati anthu awo. Zimenezi sachitira aliyense.

Komatu tisawasandutse angelo. Kale nawonso ana sankalowa. Lamulo la 1908 linaletsa ana osakwana zaka 14 kulowa m'chipinda chogulitsira mowa, ndipo okalamba amene ndimawasamalira amakumbukirabe kusiyidwa panja pa khomo ndi botolo la lemonade, bambo awo ali m'kati, monga ine ku Ndirande. Zinayamba kumasuka mu 1995, kenako lamulo la 2003 linatsegula khomo kwa mwana aliyense amene ali ndi munthu wamkulu. Mu 2007 kusuta fodya m'kati kunaletsedwa ku England. Ndipo pali za m'thumba: chaka cha 2000 ma pub m'dziko lonse la UK analipo pafupifupi 60,000, lero atsala cha m'ma 45,000, poti mowa wa m'supamaketi ndi wotchipa ndipo achinyamata ambiri sakumwa ngati makolo awo. Otsalawo akudalira chakudya ndi mabanja. Mipando ya ana ija ndi makrayoni aja si chikondi chokha ayi, ndi bizinesi. Ndipo mukapita pakati pa tauni Lachisanu usiku mudzaona zoposa za ku Ndirande, atsikana ali chigonere m'mbali mwa msewu nsapato kumanja. Kumenekonso ndi pub. Zimatengera iti, nthawi yanji.

Za ukale wakewo musakhulupirire zonse zolembedwa pakhoma. Kuno tili ndi Ye Olde Trip to Jerusalem, kunsi kwa thanthwe la Nottingham Castle, imene inalemba ndi zilembo zazikulu kuti ndi yakale kuposa zonse mu England, ya 1189. Chakacho n'chimene Mfumu Richard I inalowa ufumu, ndipo nthano yake ndi yoti asilikali opita kunkhondo ya ku Yerusalemu ankaima pamenepo kukonza kukhosi. Odziwa mbiri amati nyumba imene ilipoyi ndi ya m'ma 1600, ndipo mumzinda momwemu Bell Inn ndi Ye Olde Salutation Inn nazonso zimati zakale ndi izo. Chosakanika ndi mapanga. Zipinda zina anazisema m'thanthwe lenilenilo, mumakhala pansi khoma lake lili mwala wamchenga, ndipo kale ankafululira ndi kusungira mowa m'menemo chifukwa mumazizira mofanana chaka chonse. Mzinda uno uli ndi mapanga oposa 800 kunsi kwake.

Apongozi anga atabwera kudzacheza kuchokera ku Mulanje tinawatengera kumeneko masana. Mayi wa Mvano weniweni, amene ngakhale thobwa likagonera amalikana. Analowa atakumbatira chikwama pamtima. Pamwamba pali kachombo kamatabwa m'galasi, fumbi lili tho, ndipo wogwira ntchito anatifotokozera kuti sakapukuta chifukwa amati amene anakapukutapo anafa mosadziwika bwino. Palinso mpando wakale umene amati mzimayi akakhalapo amatenga pathupi. Apongozi atamasuliridwa anakoka mwana wanga wamkazi pa mkono kumuchotsa pafupi ndi mpandowo, kenako anaseka mpaka misozi. Amvekere: "Anthu awa ndi amene anabwera kudzatiletsa zithumwa?" Mpaka lero akaimba foni amafunsa ngati chombo chija achipukuta. Koma kumeneko ndi kwa alendo odzaona malo, kumadzaza anthu ojambula zithunzi. Yanu ya m'derayo, yopanda mbiri pa intaneti, imene mwini wake amadziwa mayina a agalu a makasitomala, ndiyo ndingaisankhe.

Tsopano chimene chandisowetsa tulo. Mwalemba kumapeto kuti mukuopanso kuti wina akuonani n'kuziponya pa gulu la WhatsApp la amayi. Achemwali, mawu oti "anthu ationa" atipweteka kokwanira. Ndi anthu ati? Omwewa amene Loweruka m'chilimwe timawotcha nawo nyama kuseri kwa nyumba, azibambo atazungulira cooler box mpaka tambala woyamba, ana akuthamangathamanga pakati pa mabotolo, wina n'kunyamula banja lonse pa galimoto ali dzandidzandi? Zimenezo timati kucheza. Koma kudya nyama ndi mbatata masana pamaso pa nkhalamba, chimenecho ndiye tchimo. Ine ndatopa nacho chinyengo chimenechi. Sindikunena bambo a kwanuwo, mwina iwo sakhudza n'komwe, ndipo ulemu wawo. Ndikunena khalidwe lathu lopatula mowa kukhala chinthu cha azibambo okhaokha, kumalo kumene mkazi ndi mwana sapenya. Bambo anga sakanamwa ndalama ya ufa mayi atakhala pambali pawo ndi ife ana. Ankatha kutero chifukwa onse owazungulira ankachita zomwezo.

Ndipo ana anuwo akukulira kuno, osati ku Ndirande. Mowa adzakumana nawo, mufune musafune: ku yunivesite, ku phwando la kuntchito, ngakhale pamaliro. Ine ndinasankha kuti anga aone ndi maso awo munthu wamkulu akumwa tambula imodzi n'kudzuka kupita kwawo, aonenso bambo awo akuitanitsa madzi a malalanje pakati pa anthu akumwa, osachita manyazi, osapepesa kwa wina aliyense. Mwana amene sanaonepo munthu akukana mowa pagulu adzaphunzira kuti kukanako? Mkulu wa mpingo atakhala pa tebulo limenelo ndi Coca-Cola wake angaphunzitse ana ake zambiri kuposa kuwatsekera m'nyumba. Apa ndiye sindisuntha.

Tsono mukapita

Lamulo la ku England limalola mwana wosakwana zaka 16 kulowa ngati ali ndi wamkulu, koma pub iliyonse ili ndi malamulo akeake, zambiri zimafuna ana atuluke cha m'ma 8 kapena 9 koloko madzulo. Nkhomaliro ilibe vuto. Musakhale pansi kudikira weta: m'ma pub ambiri mumaona nambala ya tebulo lanu, n'kupita pa kauntala kukaitanitsa ndi kulipira nthawi yomweyo. Tiyi, khofi ndi zakumwa za ana zilipo, madzi a pampopi ndi aulere mukapempha. Wina akati akugulirani chakumwa, landirani, ndipo ulendo wotsatira mufunse ndinu. Wa zaka 16 kapena 17 amaloledwa mowa kapena vinyo pa chakudya ngati womugulirayo ndi munthu wamkulu amene ali naye, choncho mukaona zotere pa tebulo lina musadzidzimuke. Masitepe a nyumba zakalezi ndi opapatiza, ngolo ya mwana imavuta.

Bambowo musalimbane nawo. Apempheni adutseko okha masana Lamlungu likubwerali, asuzumire, aweruze ndi maso awo. Akakanabe, apempheni akuloleni inu ndi ana, ndipo iwo akawapatse agogowo mafuno abwino pakhomo ndi khadi, kenako mudzawaitane ku nsima tsiku lina. Chokhacho musachite ndi kunamizira kuti mwana wadwala, chifukwa mumakhala khomo ndi khomo ndipo adzamuona akusewera panja.

Chakudya chake ndi nyama yowotcha ya ng'ombe kapena nkhuku, mbatata, ndiwo zamasamba zongowiritsa, msuzi, ndi Yorkshire pudding, imene ana anga ankaiyesa chitumbuwa mpaka atailuma n'kupeza mulibe shuga. Mchere ndi wongonunkhiza. Ine ndimayenda ndi kabotolo ka Nali m'chikwama, ndipo palibe anandiletsapo.