Kodi ndiwauze kuti ndimadumpha m'ndege?

Achemwali ena omwe amakhala ku Pretoria andilembera imelo sabata yatha. Aitanidwa ku intavyu ya ntchito yowerengera ndalama, ndipo chikuwasowetsa tulo n'chimodzi: akafunsidwa zomwe amachita kumapeto kwa sabata, anene kuti amadumpha m'ndege ndi parachuti, kapena angotchula kwaya ndi kuwerenga mabuku? Laisensi yodumphira ali nayo kale.

Achemwali, funso lanuli landifika pamtima chifukwa ine linanditayitsapo ntchito. Inali kampani ya malole cha kum'mawa kwa Johannesburg, inkafuna munthu woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Patebulo panali anthu atatu. Mafunso onse a ntchito ndinawayankha bwino, mpaka bwana wamkuluyo ankangogwedeza mutu. Kenako mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito anafunsa, mongofuna kutseka nkhani, kuti ndikaweruka ndimapuma bwanji. Ndinati Loweruka ndimakhala ku Carletonville, ndimadumpha m'ndege. M'chipinda monse munangoti zii. Bwana uja anaika cholembera pansi n'kufunsa kuti, "Nanga tsiku lomwe udzathyoke mwendo, makiyi adzasunga ndani?" Ndisanayambe n'komwe kufotokoza, mayi uja anali akutseka kale fayelo. Foni yawo sindinailandire.

Mlendo kuno ku Joni kukanidwa amakuzolowera. Chomwe chinandiwawa n'chakuti anandiona ngati munthu wosasamala moyo, pomwe m'chipinda muja munalibe wina amene anaphunzitsidwa kusamala kuposa ine. Ndikunenetsa. Palibe ofesi yomwe ndinagwirako ntchito imene imatsata malamulo achitetezo ngati mmene timachitira pabwalo lodumphira.

Ndinayamba ngati mmene ambiri amayambira, ndi tandem, ija munthu amamangiriridwa kutsogolo kwa mlangizi. Anandikokera kumeneko ndi mnzanga wa kuntchito wochokera ku Zimbabwe. Tandem inayamba ku America m'zaka za m'ma 1980 ndi anthu monga Ted Strong ndi Bill Booth, ndipo inatsegula khomo kwa aliyense, mpaka George H. W. Bush anadumpha nayo mu 2014 ali ndi zaka 90. Ndi chinthu chabwino, sindichinyoza. Koma ndinene mosapsatira: amene anadumphapo tandem kamodzi pa tsiku lake lobadwa asalembe pa CV kuti ndi wodumpha m'ndege. Wokwera minibasi sadzitcha dalaivala. Anthu oterewa ndi amene amapita ku intavyu n'kumakanena kuti "ine sindiopa chilichonse", ndiye mabwana amatiika tonse m'gulu lomwelo.

Wodumpha weniweni amaopa, ndipo mantha akewo anawaphunzitsa ntchito. Musanaloledwe kudumpha ndi parachuti yanuyanu mumathera tsiku lonse pansi. Amakupachikani pa malamba m'shedi, mlangizi n'kumakugwedezani uku akukuonetsani zithunzi za maparachuti otseguka molakwika, inu n'kumabwereza zomwezomwezo: yang'ana, gwira, koka. Mumabwereza mpaka manja atazidziwa okha. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mukatuluka m'ndege pa mamita 3,000 kapena kupitirirapo, mumagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndipo mphindi imodzi simakwana nthawi yotsegula isanafike. Kuganiza kumachitikira pansi. Kumwamba mumangochita zomwe munagwirizana kale ndi mutu wanu. Kuno ku Highveld kulinso china: bwalo lenilenilo lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuposa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, choncho parachuti imatera mothamanga kuposa ku Cape Town kapena ku Mossel Bay. Mlendo wochokera kugombe timamuchenjeza asanakwere ndege, ngakhale atakhala katswiri wotani.

Ndiye pali zida. Kumsana timabereka maparachuti awiri. Yachiwiriyo, yotsegula yoyamba ikakanika, suipinda wekha, amapinda mmisiri wokhala ndi chiphaso, ndipo m'maiko ambiri imatsegulidwa n'kupindidwanso miyezi 6 iliyonse, kaya yagwira ntchito kaya ayi. M'chikwamamo mulinso kakompyuta kakang'ono. Kotchuka kwambiri ndi CYPRES, komwe anakonza Helmut Cloth wa ku Germany mnzake atamwalira podumpha, ndipo kanayamba kugulitsidwa mu 1991. Kakaona kuti munthu akugwabe mothamanga atatsala ndi mamita pafupifupi 225, kamadula kachingwe n'kutsegula parachuti yachiwiri, ngakhale mwini wakeyo atakomoka. Paphewa pali mphete zitatu zolowana, luso la Bill Booth yemwe uja, zomwe zimathandiza kuti ukakoka chogwirira chimodzi parachuti yoipa ichoke yonse nthawi imodzi. Zambiri mwa zida zimenezi zinabwera chifukwa wina anafa, anzake n'kukhala pansi kufunsana kuti chalakwika n'chiyani.

Koma chomwe ndimafuna mabwana aja akanachiona ndi ichi. Tsiku lina tikudikira ndege, panali bambo wina wachikulire, mwini kampani, wobwera pa galimoto yapamwamba, yemwe wakhala akudumpha kuyambira ine ndili kusukulu. Mtsikana wina wophunzira kumene, amene ankapinda maparachuti a anthu kuti apeze ndalama yolipirira ndege, anamuimitsa pamaso pa tonse n'kumuuza kuti lamba wa pachifuwa sanamudutsitse bwino pa chitsulo. Bambo uja anayang'ana, n'kukonza, n'kumuthokoza mtsikanayo. Sanakwinye nkhope, sanamufunse kuti iwe ndiwe ndani. Madzulo anamugulira chakumwa. Kodi ndi maofesi angati komwe kalaliki wongolembedwa kumene angauze bwana wamkulu kuti walakwitsa, bwanayo n'kuthokoza? Ife kwathu tinakula ndi ulemu wosatsutsa wamkulu, ndipo ulemuwo ndimaukonda, koma pabwalo lija ndinaphunzira kuti kumuyang'anira mnzako lamba ndi ulemunso. M'ndege, tisanatsegule chitseko, aliyense amagwiragwira mphete, malamba ndi zogwirira zake, kenako n'kutembenuka kuti wa kumbuyo amuonere kumsana. Tikatero timapatsana manja, ndege yonse, mmodzimmodzi.

Parachuti yanga yaikulu inandikanikapo tsiku lina. Inatseguka zingwe zitapotana, n'kuyamba kundizungulitsa chagada. Ndinayang'ana kawotchi koyeza kutalika kali padzanja, ndinayesa kumasula zingwezo ndi miyendo, ndipo nditafika pa mlingo womwe ndinadziikira kalekale kuti ndikafika apa sindilimbananso nayo, ndinaidula n'kutsegula yachiwiri. Mantha anabwera nditatera kale, maondo ali njenjenje. Chotsatira chinali kukhala pansi ndi mlangizi wamkulu wa pabwalo, kulemba lipoti, kuonera limodzi zida, ndi kulemba zonse m'buku langa momwe ulendo uliwonse umalembedwa n'kusainidwa ndi mboni. Wowerengera ndalama ngati inu, achemwali, mukuona kale kuti zimenezi n'zofanana ndi ntchito yanu.

Sindikunena kuti anthu safa. Amafa, ndipo ndinapitako ku maliro a munthu amene tinkakwera naye ndege imodzi. Bungwe la odumpha la ku America, USPA, linawerenga imfa 10 pa maulendo odumpha pafupifupi 3.65 miliyoni mu 2023. Chodabwitsa kwa anthu akunja n'chakuti ngozi zambiri masiku ano zimachitika parachuti itatseguka bwinobwino: munthu wokhala ndi kaparachuti kakang'ono kothamanga amakhota ali pafupi kwambiri ndi nthaka, n'kumenyetseka. Kumeneko ndi kudzikhulupirira mopitirira muyeso, ndipo pakati pathu alipo otero. Alipo okonda kamera kuposa chitetezo, n'chifukwa chake USPA imalangiza kuti munthu asavale kamera asanadumphe maulendo 200. Bwana wa kampani ya malole uja sananame pa chinthu chimodzi: akakolo amathyoka. Koma amathyokanso ku mpira wa Lamlungu, ndipo sindinamvepo munthu atamanidwa ntchito chifukwa amasewera mpira.

Pali nkhani ina yomwe azungu anzathu a pabwalo saiona, koma inu ndi ine tikuidziwa. Mmalawi akanena kuti amadumpha m'ndege, anthu samangomva za ngozi, amamvanso za ndalama. Mayi anga atamva, funso lawo loyamba linali lakuti kodi ndalowa usilikali, popeza kwathu maparachuti timawadziwira kwa asilikali a ku Salima. Nditawauza kuti ayi, ndimalipira ndekha, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, ndalama ukukazitaya mlengalenga pomwe feteleza wakwera chonchi?" Sindinawayankhe mwamwano, chifukwa funsolo n'lomveka. Masewerawa ndi odula. Ndinagula zida zogwiritsidwapo kale ntchito, ndinapinda maparachuti a anthu Loweruka lambiri, ndipo ndalama ya kumudzi sindinaidumphitsepo mwezi. Koma ndinakana, ndipo ndikukanabe, maganizo akuti munthu wobwera kudzagwira ntchito kuno alibe ufulu wokhala ndi chinthu chakechake chomusangalatsa. Ku intavyu maganizo omwewo amabwera atavala jekete. Ena amayembekeza kuti mlendo wakuda atchula tchalitchi kapena mpira, ndiye ukatchula ndege amakuyang'ana ngati wanama kapena ngati ndalama unazipeza mwachinyengo. Inu monga mayi mudzakumananso ndi lina, lija lakuti nanga ana, nanga abambo akunyumba amalola. Amuna odumpha safunsidwa zimenezo.

Za mowa ndisazibise, popeza wofunsayo mwina anamvapo. Pabwalo pali mwambo wakuti chilichonse chimene wachita koyamba, kaya kutera pakati penipeni, kaya kudula parachuti, umagulira anzako mowa. Madzulo timazungulira moto mpaka usiku. Koma botolo silitsegulidwa kwa aliyense amene akudumphabe tsikulo, ndipo pamoto pomwepo m'pamene achikulire amafotokoza ngozi zakale kuti achinyamata amve. Ambiri mwa ife tinaphunzira zochuluka pamoto paja kuposa m'kalasi. Osamwa amagula zoziziritsa kukhosi, palibe amawaseka.

Nanga ku intavyuko?

Wofunsayo akamva za kudumpha, m'mutu mwake mumabwera Felix Baumgartner, uja anadumpha kuchokera pa makilomita pafupifupi 39 m'mwamba mu 2012 dziko lonse likuonera. Ochepa amadziwa kuti patangotha zaka ziwiri, mu 2014, mbiri ya kutalikayo inaphwanyidwa ndi Alan Eustace, yemwe anachokera pa makilomita oposa 41, ndipo iyeyu anali mmodzi mwa mabwana akuluakulu a Google, injiniya wodekha wa zaka za m'ma 50. Pabwalo lathu ndimakwera ndege ndi madokotala, aphunzitsi, amakanika, oyendetsa ndege zazikulu ndi anthu a mu migodi. Ambiri ndi anthu okonda ndondomeko, amene mphepo ikapitirira mlingo amakhala pansi tsiku lonse osadandaula, ngakhale atayenda mtunda wautali ndi mafuta odula. Kunena kuti lero ayi, ndege ili pomwepo ikulira ndipo anzako akukwera, ndi luso lomwe makampani amalipira ndalama zambiri kuti antchito awo aphunzitsidwe.

Ntchito yomwe ndili nayo pano ndinaipeza nditatchulanso zomwezi. Kusiyana kwake kunali kwakuti wofunsayo anali munthu wochokera ku migodi, wodziwa tanthauzo la kuyendera zida usanalowe pansi, ndipo anandilola kumaliza chiganizo. Tinathera nthawi yaitali pa nkhani ya mmene timalembera malipoti a ngozi zomwe zikanachitika koma sizinachitike. N'chifukwa chake masiku ano sindibisanso. Kampani yomwe ingandikane pa chifukwa chimenechi ndi yomwe idzandivutitse ndikadzapempha tchuti cha mpikisano, kapena akadzaona chithunzi changa pa Facebook. Koma ndikudziwa kuti ndikulankhula ndili ndi malipiro kumapeto kwa mwezi. Munthu amene lendi yamupanikiza ndipo chitupa chogwirira ntchito chatsala pang'ono kutha sangasankhe mabwana ngati mmene ndikunenera, ndipo akangotchula kwaya yokha sananame. Kuyimba kwaya amayimbadi.

Ndiye achemwali, pa CV musalembepo, pokhapokha ngati muli ndi udindo monga kulangiza ophunzira. Musayambitse nkhaniyo nokha. Akakufunsani, yang'anani kaye mmene kucheza kwayendera. Ngati ndi anthu omvetsera, nenani mwachidule kuti muli ndi laisensi pansi pa PASA, bungwe loyang'anira masewerawa muno mu South Africa, ndipo chomwe mumakondamo ndi kuyenderana zida ndi kusunga buku lolondola. Mawu akuti kulimba mtima ndi kusaopa muwasiye panja. Akafunsa za kuvulala, yankhani modekha kuti mumadumpha kumapeto kwa sabata kokha ndipo nyengo ikaipa simukwera.

Pamalo amodzi pokha m'pamene simuyenera kukhala chete ngakhale pang'ono. Mukalembedwa ntchito adzakupatsani mafomu a inshulansi ya moyo ndi ya kulumala, ndipo ambiri mwa mafomuwo amafunsa za masewera oopsa. Lembanipo zoona, ndipo funsani kuti akuyankheni molemba ngati kudumpha kuli m'gulu la zomwe salipira. Mukabisa pamenepo, tsiku la tsoka kampani ya inshulansi ikhoza kukana kupereka ndalama kwa ana anu.