Zenera lopanda matabwa m'mbali si lotchipa, mayi

Mayi wina amene akumanga nyumba ku Lilongwe wandilembera imelo. M'kati mwa nyumbayo akukuta makoma ndi mabolodi a jipisamu, ndipo akufuna mazenera opanda matabwa m'mbali, khoma lingopinda n'kukathera pa felemu monga amaonera pa tsamba la zithunzi la Pinterest. Mmisiri wawo atamva zimenezi wakweza mtengo. Ndiye akufunsa kuti, poti matabwa palibe, kodi munthuyu sakuwabera? Nanga ntchitoyi imagwiridwa bwanji?

Mayi, funso lanu landikhudza pabala. Mawu akuti "matabwa palibe" ndinawamvapo ndili ku Johannesburg, komwe ndinkagwira ntchito ya masiling'i ndi makoma a bolodi pamodzi ndi anyamata anzanga a kwathu kuno. Tinapatsidwa nyumba ina yaikulu ya mazenera a aluminiyamu, ena otalika kuposa munthu. Unali mwezi wa June, kukuzizira koti zala zimakana kugwira chitsulo m'mawa. Tinkapaka pulasitala wa jipisamu wotchedwa RhinoLite, kudikira aume, kupala ndi sandipepa, kupakanso. Fumbi loyera linkalowa m'mphuno ndi m'makutu, ukatsokomola madzulo malovu ali mbee. Mwininyumba ankabwera dzuwa litalowa, n'kugoneka tochi pakhoma kuti kuwala kuyende chammbali. Kalikonse kankaonekera, ngakhale kanzere kamene dzanja silikukamva. Ankazunguliza malowo ndi pensulo, ife mawa lake n'kuyambiranso. Sindimuda munthu uja, ankafuna ntchito yabwino ndipo anaipeza. Amene anandipweteka mtima ndi kontirakitala wathu. Tsiku lolandira anatidula ndalama, ati pamazenera panalibe ntchito ya ukalipentala. Anzanga ena analibe mapepala, ndiye akanakadandaula kuti? Tinangolandira, n'kukwera teksi, aliyense ali duu.

Choncho ndikuuzani mosabisa kuti mmisiri wanu sakukuberani. Matabwa a m'mbali mwa zenera ntchito yake yaikulu ndi kubisa. Pomwe bolodi ladulidwa mokhota, pomwe patsala mpata pakati pa khoma ndi felemu, kalipentala amakhomapo thabwa, basi zatha. Mukachotsa thabwalo palibenso chobisira. Ngodya iliyonse iyenera kuwongoka, mbali zonse za zenera zifanane kuya kwake, ndipo malo amenewa ndi omwe dzuwa limawomba tsiku lonse. Ndalama imene mwapulumutsa pa matabwa imapita ku manja a munthu ndi ku masiku odikira kuti zopakazo ziume. Mmisiri amene angakuuzeni kuti achita motchipa ndi amene muyenera kumuopa, chifukwa adzapaka kamodzi mochindikala, ndipo mvula yoyamba isanathe mudzaona ming'alu.

Chinanso chimandidabwitsa. Kwathu kuno mazenera opanda matabwa si achilendo. Pitani ku Ndirande, ku Kawale kapena kumudzi, nyumba zambiri za njerwa pulasitala wake amapinda n'kukafika pa felemu yachitsulo. Amisiri athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, ndi simenti, mchenga ndi levulo. Lero tikaona zomwezo pa foni tikuti n'zamakono. Ku America ndi ku Canada amagwiritsa ntchito bolodi chifukwa nyumba zambiri ndi za mitengo m'kati mwa makoma, alibe khoma la njerwa loti apakepo pulasitala. Inu ngati khoma lanu lakunja ndi la njerwa kapena mabuloko, ine ndikanakonda m'mbali mwa zenera mupake pulasitala wabwino, mumusalaze, bolodi likathere pangodya. Jipisamu sagwirizana ndi madzi. Mvula yathu ya December mpaka March imawomba chammbali, ndipo zenera likangodontha pang'ono bolodi limafufuma, penti n'kuyamba kusupuka. Ku Joni vuto lake linali la m'nyengo yozizira: felemu ya aluminiyamu imachita thukuta m'mawa, madzi n'kumatsikira pansi pa zenera.

Ngati mwatsimikiza za bolodi

Felemu iyambe yaikidwa mowongoka ndipo kunja kutsekedwe bwino, mmisiri ayese ndi madzi a paipi bolodi lisanafike. M'mbali mwa zenera agwiritse ntchito bolodi lopirira chinyontho, lija lobiriwira, la mamilimita 12 kapena 12.5, osati lopyapyala la siling'i. Pakhoma, mabolodi awiri asakumanirane pangodya ya zenera. Adule bolodi limodzi ngati chilembo cha L kuti lizungulire ngodyayo, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Pangodya yakunja aike corner bead, kachitsulo kapena kapulasitiki kowongola ndi kuteteza ngodya, ndipo ine ndimasankha yapulasitiki poti yachitsulo imachita dzimbiri ikalawa chinyontho. Pomwe bolodi likukumana ndi felemu aike tear-away bead, kapulasitiki kokhala ndi mlomo umene amauzomola akamaliza kupaka, n'kusiya mzere woongoka. Bolodi lisagunde felemu, patsale kampata ka mamilimita atatu kapena kuyandikira pamenepo, popeza chitsulo chimafutukuka kukatentha. Apake pulasitala wa jipisamu katatu mopyapyala, kulikonse kuume kaye. Kampata kaja atseke ndi phala lotsekera mipata la acrylic sealant, osati silikoni, chifukwa penti sagwira pa silikoni.

Pansi pa zenera pokha musalole bolodi ngakhale mmisiri atakuuzani kuti zitheka. Pamenepo ndi pomwe madzi amakhazikika, ana amatsamirapo, ndipo wina adzaikapo kapu ya tiyi kapena mphika wa maluwa. Ikanipo mwala wa granite, tailosi yaikulu kapena thabwa lolimba lopakidwa bwino, lifanane ndi khoma kutsogolo kwake ngati simukufuna lituluke. Muuzeni mmisiriyo amalize zenera limodzi kaye, la kuchipinda chakumbuyo, mulione litapakidwa penti, kenako mugwirizane mtengo wa otsalawo.