Msilikali akafera kunkhondo ya ku Congo, chipepeso ndi chuma chamasiye n'za ndani?

Mayi, pepani ndi zovutazi. Mwalemba kuti amuna anu anaphedwa kummawa kwa DRC ali pa ntchito yosungitsa mtendere, sanasiye wilo, ndipo alamu anu akuti ndalama zonse zipite kwa apongozi chifukwa dzina lawo ndi limene lili pa fomu ya next of kin, imene msilikali amalembapo wachibale wake wapafupi. Malamulo sakutero.

Yambani ndi kudziwa gulu limene malemu anatumikiramo, chifukwa chipepeso chimayendera pomwepo. Asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi amene anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni mu Novembala 2018 anali a MONUSCO, gulu losungitsa mtendere la United Nations, pomwe atatu amene anafa mu Januwale 2025 polimbana ndi zigawenga za M23 anali a SADC. Kwa wa United Nations, chipepeso cha imfa chinakwezedwa mu 2018 kufika pa madola 77,000 a ku America. Banja silipempha lokha ku likulu la United Nations ku New York. Boma ndi limene limatumiza pempholo pamodzi ndi lipoti la mmene msilikali anafera, ndalama zimafikira kuboma, ndipo mgwirizano wake ndi wakuti banja lisalandire zochepera pa zimene boma lalandira. Ngati anali wa SADC, lamulo limeneli silimukhudza, ndiye funsani ku Malawi Defence Force (MDF) zimene anagwirizana asananyamuke. Gratuity, malipiro otsala ndi alawansi ya ku Congo ndi ndalama zina zapadera. Musalole kuti aziphatikize n'kukuuzani chiwerengero chimodzi.

Pofunsa, lembani kalata ku likulu la MDF ku Kamuzu Barracks, mutchule nambala ya usilikali ya malemu ndi batalioni yake, ndipo kope lanu alidinde. Zapakamwa zimaiwalika ofesala akasamutsidwa.

Za chuma chamasiye, lamulo ndi Deceased Estates Act la 2011. Munthu akamwalira wopanda wilo, olandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, ndi anthu amene ankadalira iye. Apongozi angalandire gawo ngati mwana wawo ndi amene ankawasamala, koma alamu odzidalira okha alibe chawo. Katundu wa m'nyumba amene munkagwiritsa ntchito ndi wanu. Chimene chimapweteka amayi ambiri n'chakuti mwana wobadwira kunja kwa banja ali ndi ufulu wofanana ndi wa ana anu, ndipo kumubisa kumangochititsa kuti kugawa konse kuyambirenso. Fomu ya next of kin si wilo. Pemphani kuiona: nthawi zambiri mnyamata amalemba mayi ake polowa usilikali, akakwatira n'kuiwala kusintha.

Sonkhanitsani chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau (NRB), chiphaso chanu chaunzika, makalata a kubadwa a ana, ndi umboni wa ukwati. Ukwati wa ankhoswe ndi wovomerezeka pamalamulo. Ngati mulibe mtchatho, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi amfumu angachitire umboni. Yang'anitsitsani kalembedwe ka mayina, poti chilembo chimodzi chosiyana pa chiphaso ndi ku banki chimaimitsa fayilo miyezi yambiri. Kenaka pitani kwa DC kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoona za chuma chamasiye, kapena mupemphe kukhothi chikalata chokupatsani mphamvu yoyendetsa chumacho. Popanda chikalata chimenechi banki singakupatseni ndalama za mu akaunti ya malemu, ndipo inunso musatape ndalama ndi khadi lake ngakhale PIN mukuidziwa. Gawo la ana aang'ono limasungidwa m'dzina lawo.

Alamu akanyamula katundu mokakamiza, lembani zonse zimene atenga, mukadandaule kupolisi ku Victim Support Unit. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu wa zaka 10 kundende. Musasayine pepala lililonse la "mgwirizano wa pabanja" pa nthawi yometa kapena pogawa zovala loya asanaliwerenge. Ngati ndalama ya loya mulibe, a Legal Aid Bureau amathandiza.