Kwa alamu anga a ku Kasungu, pa nkhani ya kuitanitsa galimoto

Alamu, uthenga wanu unandipeza ndili ku Chipata, ndipo ndinadikira kuti ndifike kaye kuno ku Mchinji kuti ndiyankhe nditakhala pansi. Mwati mwaona BMW X1 pa intaneti pa mtengo wokwanirana ndi ndalama zanu za fodya wa chaka chino, ndipo mukufuna kudziwa mmene ife oitanitsa galimoto timachitira, poti mukuganiza zoyamba ndi yanuyanu kenaka n'kumagulitsako kwa anzanu okonda galimoto kumeneko. Mtengo mwaonawo ndi wa galimoto ili pabwalo ku Japan, ndipo pofika tsiku loti ivale nambala ya KU idzakhala itadya ndalama zina zambiri zimene wogulitsayo sanazilembe pansi pa chithunzi.

Njira zake zimatengera kumene galimoto ikuchokera. Za ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, dalaivala n'kuziyendetsa kudzera ku Mbeya mpaka pa Songwe, kenaka Karonga, Chiweta ndi Mzuzu, moti inu a ku Kasungu zimakupezani pa msewu wa M1 zisanafike ku Lilongwe. Za ku South Africa zimadzera pa Beitbridge ndi Tete n'kulowera pa Mwanza kapena Dedza. Ine njira yanga ndi ya galimoto za ku UK zotsikira ku Walvis Bay m'dziko la Namibia, zimene zimaoloka Zambezi pa Katima Mulilo, n'kudutsa Livingstone ndi Lusaka, n'kutsata Great East Road mpaka pa Mwami. Ku Japan, ku South Africa ndi ku UK konse amayendetsa kumanzere kwa msewu monga ife, ndiye chiwongolero chimakhala kumanja kale.

Musanatumize ndalama iliyonse, pemphani nambala ya chasisi ndi pepala la okishoni. Ku Japan galimoto imakayezedwa koyamba ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo eni ake ambiri amaigulitsa idakali bwino pothawa ndalama zoyezetsera, n'chifukwa chake katundu wa kumeneko amaoneka watsopano. Pepala la okishoni limapereka giredi: 4 kapena 4.5 ndi galimoto yosamalidwa, 3.5 yatopako, pomwe chilembo R chikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Wogulitsa wokana kuonetsa pepalali ine sindichita naye malonda, ngakhale zithunzi zitakongola motani.

Ndalama zolipirira kunja ndiye mutu waukulu masiku ano. Wogulitsa amafuna madola, kampani ya sitima nayonso madola, ndipo kubanki mutha kudikira nthawi yaitali musanawapeze. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, anzathu amene analandira kale ndalama za makasitomala mu kwacha galimoto zili panyanja anaonjezera za m'thumba mwawo kuti aziombole, ndipo ena bizinesi inathera pomwepo. Kuyambira nthawi imeneyo ine ndimagwirizana ndi kasitomala mtengo wa kunja mu madola, ndipo za msonkho ndimamuuza poyera kuti tidzawerengera tsiku limene galimoto yafika pa boda.

Pa boda pathu pano zinthu zinapepukako kuchokera mu December 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula chipata cha Mchinji ndi Mwami chimene maofesala a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi, moti wolowa m'Malawi amaima kamodzi kokha. Komabe mapepala sanachepe. Mumafunika ejenti wovomerezeka woti alowetse invoisi, pepala la sitima lotchedwa bill of lading ndi pepala lochotsera galimoto m'kaundula wa kwawo mu kompyuta za MRA. Msonkho umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo MRA ili ndi kawerengedwe kakekake, kotero kuchepetsa mtengo pa invoisi sikuthandiza kanthu koma kungodziitanira chindapusa. Apa m'pamene X1 yanuyo ingakudabwitseni, chifukwa yakale yotsika mtengo kunja ndi imene imalipitsidwa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake.

Chaka china ndinabwera ndi galimoto ya dokotala wina wa ku Lilongwe, yofiira, mipando yachikopa, mwini wake akuimba foni ola lililonse. Ofesala anatsegula boneti, anapukuta fumbi la ku Luangwa ndi chala pa nambala ya chasisi, n'kuyamba kuwerenga chilembo chimodzichimodzi akuyerekeza ndi pepala. Pamene pachitsulo panali 8, wolemba mapepala kunja uko anaika B. Galimotoyo inakhala pa boda masiku asanu ndi anayi tikudikira pepala lokonzedwa, ine ndikulipira malo oimikapo ndi chakudya cha dalaivala, ndipo phindu langa lonse la ulendowo linathera pa chilembo chimodzicho. Mukatuluka pa boda kwatsala kukaonetsa galimoto ku polisi, kulembetsa ku Road Traffic kuti mupeze blue book ndi COF, ndiponso inshuwalansi.

Anthu ofuna timagalimoto tapamwambati, monga X1, Audi Q3, Mercedes-Benz GLA, Lexus NX ndi Range Rover Evoque, amasiyana ndi wogula Toyota Sienta kapena Probox yonyamulira anthu ndi katundu. Wa Sienta amafunsa za mafuta n'kulipira. Uyu winayu amafunsa mtundu wa penti, kukula kwa malimu ndi denga lagalasi, ndipo akhoza kukana galimoto yabwinobwino chifukwa mipando yake ndi yansalu. N'chifukwa chake sindiitanitsa galimoto yotere popanda mwini wake amene waperekako kale ndalama zina; yoimika pabwalo kudikira wogula ingathe miyezi, batire n'kufa, dzuwa likuwaula penti. Inuyo muganizirenso msewu wanu wa ku Chulu nthawi ya mvula. X1 zambiri zimabwera ndi matayala otchedwa run-flat, oyendabe kamtunda ngakhale ataphwa, opanda sipeya kumbuyo, ndipo tayala lotero likang'ambika simungalipeze pa golosale ya sipeya pa Kasungu boma. Za dizilo za ku Ulaya zili ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, imene imatsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tatifupi. Kwa munthu wokhala kutali ndi makaniko woyeza galimoto ndi kompyuta ine ndimalozera Lexus NX kapena Toyota Harrier, ngakhale ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa chizindikiro cha BMW.

Mwafunsanso za tigalimoto tachitsulo tija munationa pa shelefu kwathu. Timeneto ndi malonda ndithu, ndipo ndimatigula m'masitolo a ku Lusaka ndikamadikira galimoto zazikulu. Matchbox inayamba ku England mu 1953, Hot Wheels ku America mu 1968, Tomica ku Japan mu 1970, ndipo tambiri timakhala pa muyeso wa pafupifupi 1:64, kutanthauza kuti galimoto yeniyeni ndi yaitali ka 64 kuposa ito, pomwe ta 1:18 ndi tatikulu, totseguka zitseko ndi boneti. Ogula enieni si ana ayi, koma abambo a ndevu zawo, ena mwa iwo omwe aja tinkapanga nawo galimoto zamawaya kudambo. Kasitomala wanga wina wa ku Kamwendo amayamba wayang'ana ngodya za katoni, ndipo ikapindika pang'ono amatsitsa mtengo ngakhale kagalimotoko kali bwino, choncho ndimatinyamula m'bokosi la nsapato pakati pa zovala. Pa boda muzitionetsa, chifukwa dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono limakhudza katundu wopangidwa m'chigawo chathu chino, pomwe iti timapangidwa ku Asia.

Nditumizireni nambala ya chasisi ya X1 ija, chaka chake ndi kukula kwa injini, kuti ejenti wanga awerengere msonkho musanakhudze ndalama za fodya. Mlongo wanga muyambe mwamuonetsa chiwerengerocho.