Kodi tizamoyo topanga choko tidayamba liti?

Mphunzitsi wina wa ku Ndirande wanditumizira funso pa imelo. Akuti adawerenga kuti mwala wa choko ndi zigoba za tizamoyo ta m'nyanja, ndiye akufuna kudziwa kuti tizamoyoti tidayamba liti, komanso ngati laimu wa kuno kwathu adachokera ku tomweto.

Aphunzitsi, zomwe mudawerengazo ndi zoona, koma chomwe chimandizizwitsa ine ndi kuchedwa kwake. Zamoyo zidakhala m'nyanja zamchere zaka zoposa 3 biliyoni tizamoyo toyandama ta zigoba za laimu tisanaoneke. Totchuka mwa ito ndi ndere ya selo imodzi yotchedwa coccolithophore, yomwe imadzikuta ndi timbale ta calcium carbonate (laimu yemwe ndikunenayu) tosaoneka popanda maikulosikopu, ndipo ikafa timbaleto timamira n'kukaunjikana pansi. Timbale takale kwambiri tomwe tikudziwika ndi ta kumapeto kwa nyengo ya Triassic, zaka zoposa pang'ono 210 miliyoni zapitazo, ndipo tidapezeka m'mapiri a Alps ku Austria. Mtundu wake adautcha Crucirhabdus minutus chifukwa cha kuchepa kwake.

Mwina mukudabwa kuti za m'nyanja zikukapezeka bwanji paphiri. Pansi pa nyanja zikuluzikulu sipakhalitsa, chifukwa miyala yake imasuntha pang'onopang'ono n'kukalowa kunsi kwa dziko, moti m'nyanja ya Pacific malo akale kwambiri omwe atsala ali ndi zaka pafupifupi 180 miliyoni. Umboni wa kale kuposa pamenepo udapulumuka komwe matope a nyanja yakale ya Tethys adakankhidwira m'mwamba, Africa itakanikizana ndi Ulaya. Choncho tiyenera kusamala polankhula: zaka 210 miliyonizo ndi za timbale tomwe tapezeka, pomwe ndereyo payokha idalipo kale isanayambe kuvala laimu.

Gulu lachiwiri, la foraminifera zoyandama (tizamoyo tina ta selo imodzi tokhala ndi zigoba za laimu), lidabwera m'nyengo ya Jurassic, zaka pafupifupi 170 miliyoni zapitazo, kuchokera ku makolo omwe ankakhala m'matope a pansi pa nyanja. Magulu awiriwa adachulukana kwambiri m'nyengo ya Cretaceous, dzina lochokera ku mawu a Chilatini akuti creta, kutanthauza choko. Maphompho oyera a ku Dover ku England ndi a nyengo imeneyo, yomwenso dinosaur yathu ya ku Karonga, Malawisaurus, idakhalako. Kusintha komwe tizamoyoti tidabweretsa m'nyanja sikudali kwamasewera. Kale laimu ankaunjikana makamaka m'madzi osaya, koma kuchokera apa wambiri adayamba kumira pakatikati pa nyanja, n'kumathandiza kuti asidi wa m'madzimo asamasinthesinthe kwambiri. Chimwala chomwe chidagwa kuchokera kumwamba zaka 66 miliyoni zapitazo chidafafaniza mitundu yoposa 90 pa 100 iliyonse ya ndereyi, ndipo ya lero ndi zidzukulu za yochepa yomwe idatsala.

Wasayansi wa ku Germany Christian Ehrenberg adaona timbale ta ndereyi m'choko mu 1836 n'kuganiza kuti sitidachokere ku chamoyo. Wasayansi wa ku England Thomas Huxley ndiye adatitcha coccolith mu 1858, atatipeza m'matope a pansi pa Atlantic.

Pa za laimu wathu, yankho ndi ayi. Mwala wa ku Changalume ku Zomba, womwe kwa zaka zambiri unkapangira simenti kuno ku Blantyre, ndi mabulo (mwala wa laimu womwe udasinthika ndi kutentha kwa pansi pa dziko), ndipo ndi wakale kwambiri kuposa tizamoyoti. Ngakhale choko chomwe mumalembera pabolodi, masiku ano kawirikawiri amachipanga ndi gypsum, mwala wina wofewa wosachokera ku tizamoyoti.