Yankho: Kukagona mtenti ku zilumba za Bazaruto kuchokera ku Harare

Achimwene, mwafunsa ngati banja lingathe kunyamuka kuno ku Harare kukagona mtenti pa zilumba za Bazaruto ku Mozambique. N'zotheka, koma tenti mukaikhome ku tauni ya Vilankulo, kumtunda, ndipo ku zilumbazo muzipita pa bwato. Zilumbazi ndi paki yotetezedwa kuyambira 1971, ndiye munthu sangogonapo popanda chilolezo, ndipo polowa pamalipidwa.

Njira yake ndi ya ku Mutare, chipata cha m'malire cha Forbes ndi Machipanda, kenako Chimoio mpaka Inchope, apo n'kukhotera kummwera pa msewu waukulu wa EN1 kuwoloka mtsinje wa Save kulowera ku Vilankulo. Musayende usiku, msewuwo uli ndi maenje othyola matayala. Mapepala a galimoto ndi inshuwalansi ya ku Mozambique zikhale m'manja.

Chimene ambiri sachiganizira ndi madzi a m'nyanja. Amadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo akaphwa bwato limatsala pa mchenga. Nthawi yonyamuka imvereni kwa mwini bwato, musamukakamize. Tenti nayo ikhale kumtunda kwa mzere wa zinyalala umene mafunde amasiya pagombe, apo ayi madzi akupezani usiku. Zikhomo wamba zimazuka mumchenga mphepo ikaomba. Mangani zingwe ku matumba odzaza mchenga n'kuwakwirira.

Madzi akumwa tengani malita 5 munthu aliyense pa tsiku, neti ya udzudzu, ndi mankhwala oteteza malungo. Ine ndingasankhe pakati pa Meyi ndi Seputembala. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya namondwe, musatengereko ana.