Za kamakina ka magetsi kokungira nkhope: yankho kwa mayi a ku Kamuzu Road

Mayi, mwati muli ndi zaka 53, masaya ayamba kugwa, ndipo mwana wanu wa ku Johannesburg akufuna kukugulirani kamakina ka magetsi koyendetsa pankhope kuti mudzaoneke bwino pa ukwati wa mng'ono wake mu Disembala. Mukufunsa ngati kamagwiradi ntchito, komanso ngati sikangakuotcheni kapena kukumenyani shoko. Ndaona ena akungoti "gulani", ena "ndi bodza", osafotokoza chifukwa. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, makina olowetsa magetsi m'minofu ndimawadziwa, ndiye ndiyankha motalikirapo.

Za shoko musade nazo nkhawa. Timakina timeneti, timene amati microcurrent, timayendera batire, ndipo magetsi ake ndi ochepetsetsa. Amawayeza mu microampere, ndipo ampere imodzi imakhala ndi ma microampere 1,000,000. Todziwika bwino ngati NuFACE timatulutsa ma microampere a pakati pa 300 ndi 400 basi, pamene tchaja ya foni yanu imatulutsa ampere imodzi kapena ziwiri. Mukapaka jelo wake mokwanira, nthawi zambiri simumva kanthu. Ena amamva kunyerenyesa pang'ono, ena kakomedwe ka chitsulo m'kamwa, ena amaona ngati kuphethira kwa kuwala kakafika pafupi ndi maso. Kakayamba kuluma, kawirikawiri ndiye kuti jelo wauma.

Pa zogwira ntchito m'pamene pali nkhani. Inde, mukakayendetsa kuchokera pachibwano kukwera chakukhutu kwa mphindi zisanu, nkhope imaoneka yokungika pang'ono, nsidze zimakwera pang'ono, kutupikana kwa m'mawa kumaphwa. Zimenezo si bodza. Koma zili ngati kusita chitenje: chimawongoka bwinobwino, mukachivala n'kuchichapa makwinya abwerera. Pakapita tsiku kapena awiri nkhope imabwerera m'malo mwake. Opanga akewo amadziwa, n'chifukwa chake malangizo a NuFACE amati muzikagwiritsa ntchito masiku asanu pa sabata kwa masiku 60 oyambirira, kenako kawiri kapena katatu pa sabata mpaka kalekale. Mukasiya, zatha. Komanso mbali ina ya kusinthako imachokera ku kusisita kwenikweniko, kumene kumakankha madzi odikha pansi pa khungu, ndi jelo amene amanyowetsa khungu n'kubisa timizere ting'onoting'ono. Zala zanu ndi mafuta abwino zingachiteko zina mwa zimenezi.

Otsatsa amakonda kunena kuti magetsiwa amachulukitsa mphamvu m'maselo ndipo amapangitsa thupi kupanga collagen watsopano, amene ali ngati ulusi wogwira khungu. Mukatsatira komwe mawuwo achokera, mumafika pa kafukufuku wa mu 1982 amene anachitidwa pa khungu la makoswe, osati pa nkhope za amayi. Kafukufuku wa pa anthu alipo, koma wambiri ndi wa anthu ochepa komanso wa nthawi yaifupi. Mukaona pa bokosi palembedwa kuti bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linakaloleza, tanthauzo lake kwenikweni ndi lakuti kalibe chiopsezo chachikulu ndipo n'kofanana ndi tina timene tili kale pamsika. Sikuti atsimikiza kuti kamabweza zaka khumi.

Chimene chimagwetsa masaya, mayi, si kufooka kwa minofu kokha ayi. Zoona, minofu ya pankhope ndi yosiyana ndi ya pamkono chifukwa imagwira khungu lenilenilo, ndiye ikakungika khungu limatsatira pang'ono. Koma pali zinthu zina zikuluzikulu zimene magetsi sazifikira. Collagen uja amachepa pang'onopang'ono kuyambira zaka za m'ma 20, ndipo mayi akasiya kusamba amatsika mofulumira, mwina kufika 30 pa 100 iliyonse m'zaka zisanu zoyambirira. Pa msinkhu wanuwo mwina n'chifukwa chake mwaona ngati zachitika mwadzidzidzi. Mafuta a m'masaya nawo amachepa n'kutsetserekera m'munsi. Mafupa a nkhope, makamaka nsagwada ndi ozungulira maso, amaphwa ndi ukalamba. Ndiye pali mano. Munthu akachotsa mano a kumatsakano angapo osaikamo ena, tsaya limalowa m'kati ndipo fupa la pamenepo limatha msanga. Ambiri amene amadandaula za masaya akanapindula kwambiri kwa dokotala wa mano kusiyana ndi ku saluni.

Tsopano apa mumvetsetse, chifukwa pali anthu amene sayenera kukayandikira n'komwe. Aliyense amene anaikidwa pacemaker, kothandiza mtima kugunda bwino, kapena kachipangizo kena ka magetsi m'thupi, ayi. Wodwala khunyu, ayi. Woyembekezera, ayi. Amene akulandira mankhwala a khansa, ayi, pokhapokha dokotala wake atavomera. Ngati pankhope pali bala, ziphuphu zaukali kapena zidzolo, dikirani zipole. Amene anaikidwa chitsulo pansagwada atachita ngozi afunse kaye kuchipatala. Ndipo musamakayendetse kutsogolo kwa khosi pakholingo, pamene pali chithokomiro, kapena pazikope. Inu simunanene za matenda, ndiye mudzifunse nokha. Ngati muli ndi vuto la kagundidwe ka mtima, kafunseni kaye kumene mumalandira mankhwala.

China, si kamakina kalikonse kolembedwa microcurrent kamene kalidi choncho. Pali totchipa timene anthu amaoda pa intaneti n'kumagulitsa m'magulu a WhatsApp, topanda dzina la kampani, topanda pepala lonena kuchuluka kwa magetsi ake. Tina timagwedeza tsaya mpaka mlomo kumakokeka, ndipo wogulitsa amati ndiye kuti kakugwira ntchito. Amenewo ndi magetsi amphamvu, ofanana ndi amene ife timagwiritsa ntchito pa minofu ya mwendo kapena mkono wofooka, ndipo pankhope timasamala nawo kwambiri. Ngakhale kwa munthu amene nkhope yapindika mbali imodzi chifukwa cha mtsempha, a mafizo sagwirizana onse ngati magetsi amathandizadi. Palinso makina ena a radiofrequency, amene amatenthetsa khungu m'kati. Amenewo ndi nkhani ina, ndipo m'manja mwa munthu wosaphunzira amaotcha. Khungu lathu lakudali likapsa kapena kukwiyitsidwa limasiya banga lakuda limene limatenga miyezi yambiri kuti lizimiririke. Choncho mukapita ku saluni ku Lilongwe kapena ku Senga Bay, funsani kuti makinawo ndi ati, amene akuwayendetsayo anaphunzira kuti, ndipo muone ngati akupukuta timitu take ndi spirit asanakugunditseni. Kakunyumba musamakagwiritse ntchito kali pa tchaja, makamaka kuno kumene magetsi akathima amabwera ndi mphamvu.

Koma chimene chikundivutitsa mtima ndi china. M'funso lanu mwatchula mongodutsa kuti mumapaka mafuta osakaniza amene mumagula pamsika kuti nkhope iwale. Chonde kayang'aneni botolo kapena kachubu kake. Mukaona mawu akuti clobetasol, betamethasone, hydroquinone kapena mercury, dziwani kuti mwina amene akugwetsa nkhope yanu ndi omwewo. Clobetasol ndi betamethasone ndi mankhwala amphamvu a matenda a khungu oyenera kupaka masabata ochepa dokotala atalemba. Mukawapaka miyezi ndi zaka, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, mizere imabwera, ndipo bala limachedwa kupola. Hydroquinone wa nthawi yaitali amatha kudetsa masaya ndi mabanga akuda bii ovuta kuchotsa, ndipo mercury amawononga impso. Kuika magetsi pa khungu lotere n'kutaya ndalama. Musasiye mwadzidzidzi ngati mwapaka nthawi yaitali, chifukwa nkhope imatha kuyaka n'kutuluka ziphuphu. Pitani nawo mafutawo kuchipatala cha boma kuno ku Salima akakuuzeni kasiyidwe kake, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa a khungu ku Kamuzu Central.

Ndiye dzuwa. Ife timanyadira kuti khungu lakuda silichita makwinya msanga, ndipo n'zoona kuti limatiteteza kwambiri. Koma dzuwa la Salima la mu Okutobala ndi Novembala, munthu uli pa benchi ya mpunga kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena pamchenga wa kunyanja kudikira usipa kuwala kukubwereranso kuchokera m'madzi, limadya collagen ndithu. Limadya kwambiri ngati khungu layeretsedwa kale ndi mafuta aja. Ku Australia anatsatira anthu 903 kwa zaka zinayi ndi theka, zotsatira zake zinatuluka mu 2013: amene ankapaka sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, tsiku lililonse khungu lawo linakalamba mocheperapo ndi 24 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi amene ankapaka akafuna. Anali azungu, inde, koma umboni wamphamvu chotero wa timakina ta magetsi palibe. Chipewa chachikulu, ambulera pa benchi, ndi sunscreen wolembedwa SPF 30 kapena kupitirira pabotolo, zimenezo zimagwira ntchito mwakachetechete. Utsi wa fodya umakalambitsanso khungu, ndipo wa nkhuni m'khitchini yotsekeka si wabwino.

Timakina ta makampani odziwika timagulidwa madola 200 mpaka 400, ndipo jelo wake amatha, muyenera kumaitanitsa wina. Ngati mwana wanuyo ndalama ali nazo ndipo akufuna kukusangalatsani, mulibe matenda ndatchula aja, komanso mukudziwa kuti mudzakhala ndi mphindi zisanu tsiku lililonse, landirani, sikangakupwetekeni. M'mawa wa ukwati kadzakuthandizani pang'ono pa zithunzi. Koma kutenga ngongole ku banki m'khonde chifukwa cha kameneka, kapena kulipira minibasi ya ku Lilongwe sabata iliyonse kukagona pa bedi la saluni, ine ndikukana. Akanakhala mayi anga, ndikanamuuza mwanayo kuti atumize sunscreen wokwanira chaka, mafuta ofewetsa khungu opanda zoyeretsa, ndi retinol wopaka usiku, amene umboni wake pa makwinya ndi wokhazikika. Retinolyo muyambe pang'ono, kawiri pa sabata, chifukwa amasupula khungu poyamba, ndipo woyembekezera asapake. Musadikire Disembala kuti muyese chinthu chatsopano pankhope.

Kakabwera, kayeseni mbali imodzi yokha ya nkhope kwa masabata awiri. Jambulani chithunzi m'mawa, pakhomo lomwelo, mutu uli chilili, osamwetulira. Zithunzi za pa TikTok zija amasintha nyale ndi kapendekedwe ka mutu, ndiye zanuzo n'zimene zingakuuzeni zoona.

Pomaliza, kwa onse amene akuwerenga: zonsezi ndi za nkhope imene ikugwa pang'onopang'ono mbali zonse. Ngati mbali imodzi yagwa mwadzidzidzi, mlomo wapindika, diso likukanika kutseka, mawu sakumveka bwino kapena mkono wafooka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Musafune kamakina kapena mafuta, pezani galimoto kapena njinga yamoto mupite naye munthuyo kuchipatala nthawi yomweyo.